Alamu Anga a Makisoni ndi Rediyeta Yawo

Alamu anga a Makisoni Muhiwa anali munthu wankhawa, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene ndinkawakonda. Mvula ikachedwa ankadandaula za mpunga, ikagwa ankadandaula za msewu. Anakwatira achemwali anga Alefa nkhondo yachiwiri ija itangotha, nabwera kudzakhala kwathu monga amachitira mkamwini aliyense, m'mudzi wathu wa kwa Mwambo, kufupi ndi doko la Kachulu. Ine ndine Veronica, mng'ono wawo wa Alefa. Khomo langa linayang'anizana ndi lawo, moti zambiri za alamuwo ndinaziona ndi maso angawa.

Kuyendetsa galimoto anakaphunzira ku usilikali. Za nkhondo sankakamba. Ukawakakamiza ankangonena za dziko lina lopanda mtengo kumene malole ankafa ndi ludzu, anthu n'kuwasiya pamchenga. Atabwerako anagula kagalimoto kokalamba kwa mzungu wina wa fodya amene ankabwerera kwawo. Kutsogolo kunali malo a anthu awiri, kumbuyo bokosi la matabwa. Kuti kalire pankafunika kupukusa handulo mpaka thukuta, ndipo kakalira nkhuku za mudzi wonse zinkabalalika. Ankanyamulira matemba ndi milamba youma kupita nayo ku msika wa ku Zomba, pobwera n'kutenga mchere, sopo ndi aliyense amene wapezeka panjira.

Matayala, mabuleki ndi zina zonse ankaziyang'ana monga dalaivala aliyense. Koma mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. Kutsogolo kwa injini kuli chitsulo cha timabowo ngati zisa za njuchi, m'mene mumazungulira madzi oziziritsa injini. Amachitcha rediyeta. Timabowoto tikatsekeka, kaya kunja kapena m'kati, madzi amawira ndipo injini imapsa. A Makisoni anandifotokozera zimenezi kambirimbiri osapemphedwa, mpaka ine wosadziwa ngakhale kupalasa njinga ndikhoza kuziphunzitsa.

Kwathu kunyanja rediyeta ili ndi adani ambiri. Madzi a Chilwa ndi amchere, ndipo amasiya zoyera zolimba m'kati ngati za pansi pa ketulo. A m'zitsime zathu ndi amatope. Nthawi ya masika njere za udzu zimalowa m'timabowo, m'chilimwe kumabwera fumbi, ndipo mabawe, udzu wautali wa m'mphepete mwa nyanja uja, akakhwima amaulutsa thonje lake limene limamata kutsogolo kwa galimoto ngati bulangete. Tikawonjezerapo ziwala ndi atombolombo ofera pomwepo, mukhoza kuona kuti alamu anga anali ndi zifukwa zokwanira zosowera tulo.

Akafika kuchokera ku tauni sankalowa m'nyumba. Ankakhala pa chigoba cha mtondo wakale kudikira kuti injini izizire, kenako n'kugwada kutsogolo kwa galimoto ndi nthenga ya nkhuku, kutokosa bowo limodzilimodzi. Waya sankalola, ati amaboola. Akatha ankatsegula boneti n'kupopa mpweya ndi pampu ya njinga kuchokera m'kati, kuti zinyalala zitulukire kumene zinalowera. Nsima inkazizira, Alefa ankaitana mpaka kutopa. Nyumba yawo inali yofolera ndi udzu ngati zathu zonse, koma anagula lata limodzi n'kulipendeketsa pamitengo kuseri, kuti madzi a mvula azigwera mumgolo. Madzi amenewo anali a galimoto basi. Ngakhale anali oyera kale, ankawasefa pa kansalu asanawathire, ndipo mgolowo sunkakhudzidwa ndi munthu wina, ngakhale mudzi utauma chotani.

Kuthira madziko iwo ankakutcha kumwetsa. M'mawa uliwonse unkamva akuti, "Ndiyambe ndamwetsa galimoto," ngati akunena mwana. Ankatsegula chitsekero cha pamwamba, kusuzumira, kununkhiza, n'kuthira pang'onopang'ono akuyankhula okha. Ana anatengera mawuwo, akazi pachitsime anawatengeranso, ndipo posapita nthawi mudzi wonse unkadziwa kuti galimoto ya a Makisoni ili ndi pakamwa ndipo imamwa.

Mnzawo wa padoko, Che Mussa, amene ankagula naye nsomba, sankawasiya. "Che Makisoni," ankatero, "ife Asilamu amatinena za mitala, koma inu a tchalitchi mwatiposa. Mkazi wamng'onoyu mumamusambitsa nokha." Ine ndinkawonjezera moto, pakuti mlamu amaloledwa. Ndinkawafunsa ngati mkazi mnzawo wa achemwali wadzuka bwino, kapena timuphikire phala. Ankangoseka pang'ono, maso ali pa nthenga. Koma padoko ponse zinkadziwika kuti malole a amwenye ankaima panjira nthunzi ili tolo, pamene kagalimoto ka a Makisoni kankadutsa kakunjenjemera koma kosawira. Chimenecho ndicho chinali ulemu wawo m'mudzi wa eni, poti mkamwini alibe munda wake, alibe mawu pabwalo.

Nkhawa yeniyeni ya nyumba imeneyo sinali galimoto. Achemwali anaima kawiri, ndipo kawiri konse anavutika masiku, mwana n'kubadwa atafa kale. Ine wamng'ono ndinali nditabereka kale ana awiri osavuta, ndipo ndinkachita manyazi kuwayamwitsa pamaso pawo. Ataimanso kachitatu, m'chaka chija chitaganya chitangoyamba kumene, a Makisoni anawatengera kwa namwino wa ku mishoni. Namwinoyo atawapima ananena mosabisa kuti njira ndi yaing'ono, ndipo mwana ameneyu akabadwire ku chipatala chachikulu ku Zomba kumene angathe kuchita opaleshoni. Akachedwa, anatero, tidzataya mwana, mwina ndi mayi yemwe.

Amayi athu sanakondwe nazo. Iwo anabwera ali kamtsikana kuchokera kum'mawa, dziko la Apwitikizi, atayenda wapansi ndi makolo awo, ndipo ana awo onse anaberekera pamphasa. Kwa iwo chipatala chinali kumene amang'amba anthu ndi mipeni. Sikuti anali munthu woipa. Alefa anali mwana wawo woyamba, ndipo timanda tiwiri tija anakwirira ndi manja awo. Koma kukambirana nkhaniyi ndi mkamwini wawo sakanatha, chifukwa kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Sadyera pamodzi, sayang'anana kumaso, ndipo mawu amadzera mwa munthu wina. Zaka zonsezo a Makisoni ndi amayi anali asanayankhulanepo. Ine ndi amene ndinali njira yawo, ndipo kunena zoona ndinkachotsako minga ku mawu a mbali zonse ziwiri ndisanawafikitse.

Mimba itakula, alamu anasintha. Anasiyiratu kuyendetsa galimoto, kuopa kuti ingawonongeke tsiku lisanafike. Nsomba ankapita nazo pa njinga ku misika yapafupi, munthu woti ali ndi galimoto, Che Mussa akuseka mpaka kugwira nthiti. Galimoto anaiimika pansi pa mango itayang'ana kumsewu, petulo ali wodzaza, chitini cha madzi a mvula atachimangirira kumbuyo. M'mawa uliwonse ankaimwetsa, kuiliza pang'ono, kuizimitsa, n'kutokosa rediyeta imene sinapite kulikonse. Anawonda, kolala ya malaya n'kumalendewera. Nthawi zina ndinkawapeza atangoima, dzanja lili pa boneti, akuyang'ana mapiri a ku Zomba.

Iwo ankafuna kupita ndi Alefa msanga kuti akadikirire ku chipatala komweko. Amayi anandituma kuti ndikawauze kuti mwezi sunakwane, ndipo kuwerenga miyezi si ntchito ya amuna. Alamu anandituma kuti ndikawauze amayi kuti namwino ananena. Ndinayenda pakati pa makomo awiriwo mpaka miyendo kuwawa. Pamapeto anagwirizana kuti adzanyamuka Loweruka lotsatira, koma kufikira tsikulo Alefa azigona kwa amayi kuti azimuyang'anira. A Makisoni anavomera, osaganiza kuti m'nyumba ya apongozi iwo sangalowe.

Pakati pa sabata imeneyo kunagwa maliro a kuchimuna kwanga ku chilumba cha Chisi, ndipo ndinawoloka kukagona komweko. Unali mwezi wa Okutobala, kotentha koti ngakhale agalu sankauwa. Ndinabwerako tsiku lotsatira dzuwa litakwera, ndipo nditangofika pabwalo ndinaona chitseko cha amayi chili chotseka, nkhalamba ziwiri za m'mudzi zitakhala pakhonde. Nditalowa ndinapeza achemwali ali pamphasa, milomo itauma, maso atalowa. Matenda anali atayamba dzulo lake masana. Usiku wonse anawalumitsa nsalu kuti asamveke, akuwamwetsa mankhwala a mizu yosinja, oterera ngati therere, amene amati amatsegula njira kuti mwana atsetsereke. Ataona kuti zikukanika, nkhalamba zija zinayamba kufunsa ngati mwamunayo sanayende ndi akazi ena ku tauni, poti madalaivala amadziwika. Munthu woti mwezi wathunthu amagona ndi nthenga ya nkhuku m'thumba.

Ndinakalipa zimene sindingalembe pano. Nkhope ya amayi inali itatuwa, ndipo ndinaona kuti iwonso agwidwa ndi mantha. Anangoti, "Kawaitane alamu ako." Alamu anali atadutsa m'mawa kufunsa za akazi awo kudzera mwa nkhalamba ina, n'kuuzidwa kuti agona bwino, ndipo anali atapita kudoko. Ndinathamanga chitenje chili m'manja. Ndinawapeza akusankha matemba pa mphasa ya Che Mussa. Anangondiona nkhope, n'kusiya njinga ndi nsomba pomwepo.

Tinayala matiresi a udzu m'bokosi la kumbuyo, tinamunyamula Alefa, amayi n'kukwera naye atanyamula kamtolo kawo. Alamu anazungulira kutsogolo, dzanja lawo n'kupita pa boneti monga mwa chizolowezi, kuti asuzumire madzi. Nthawi yomweyo achemwali anabuula mokweza, poti nsalu ija anali atawachotsa pakamwa. Dzanja lija linabwerera. Anali ataimwetsa kale m'mawa womwewo, madzi sakanapita kulikonse. Anapukusa handulo, galimoto inalira, ine n'kukhala kutsogolo pafupi nawo.

Msewu wochokera kunyanja masiku amenewo unali wa fumbi ndi mabampu okhaokha. Akathamanga Alefa ankalira, akachepetsa ine ndinkalira mumtima. Alamu anagwira chiwongolero ndi manja onse, khosi litatalika, milomo ikuyenda koma osatulutsa mawu. Tinadutsa madambo a mpunga atauma, tinadutsa midzi ingapo, ndipo mtima wanga unayamba kutsika pang'ono, poti phiri la Zomba linali likukula kutsogolo. Kenako ndinawaona akununkhiza. Anatulutsa mutu pawindo, anaubweza, anayang'ana kawotchi kamene kamaonetsa kutentha kwa injini, n'kukagogoda ndi chala.

"Alamu, chavuta n'chiyani?" ndinafunsa.

"Sizingatheke," anatero. "Ndamwetsa ndekha."

Posakhalitsa m'mbali mwa boneti munayamba kutuluka nthunzi. Anapitirizabe pang'ono, akuinyengerera, koma injini inayamba kugogoda ndipo anadziwa kuti akaumirira ipsa, osadzaliranso. Anaima pamalo opanda mthunzi, pakati pa minda yosalima, mudzi ukuonekera patali. Dzuwa linali paliwombo.

Anayang'ana kutsogolo kwa rediyeta, timabowo tonse tinali poyera. Anayang'ana lamba wa fani, anali bwino. Pansi panalibe podontha. Lamulo lawo lomwe, limene ankalalikira aliyense, linali lakuti chitsekero sutsegula injini ikutentha. Tsiku limenelo anakulunga chiguduli kudzanja n'kutsegula. Zinatuluka mwamphamvu n'kuwapsereza mkono, koma sanali madzi. Linali thovu lolemera, lobiriwira, lokoka ulusi, limene linayenderera pa injini likununkha ngati ndiwo zopserera. Anatapako ndi chala, natikita, ndipo pachalapo panatsala tizidutswa ta mizu ndi ulusi wa makungwa. Anandiyang'ana. Ine fungolo ndinali nditalimva kale tsiku lomwelo, m'chikho chimene chinali pambali pa mphasa ya achemwali.

Amayi anali atatsika. Anaima chakumbali kwa tayala lakutsogolo, atatembenukira kuminda, mpango atautsitsira kumaso. Mtunda wa pakati pa iwo ndi mkamwini wawo sunkaposa mkono, koma anayankhula kwa ine.

"Veronica, auze alamu ako kuti ndine. Iwe utathamangira kudoko, ndinamwetsako galimoto mankhwala otsala. Ndimati nayonso njira yake iterere, tikafike msanga. Iwo aja amati imamwa."

Ndinkafuna kuwagwedeza amayi anga ondibereka, ndinkafunanso kuwakumbatira. Alamu anatseka maso kanthawi. Kenako nawonso anayankhula kwa ine, motsitsa mawu kuti Alefa asamve kumbuyo kuja.

"Alamu, afunseni amayi, anathira ochuluka bwanji?"

Ndinatembenuka, ngati chitsiru, kubwereza funso limene aliyense analimva.

"Auze kuti mphika wonse, ndi nsenga zomwe," anatero amayi. "Auze kuti ena anasefukira pansi, koma ambiri analowa." Atatero anakhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu, akudzimenya pachifuwa.

Apo ndipo a Makisoni anachita chimene anali asanachitepo. Anamasula chitini cha madzi a mvula, n'kukhuthulira madziwo m'beseni limene tinatenga, kenako anapita kukaima kutsogolo kwa apongozi awo, nawayang'ana kumaso.

"Amayi, kulira tilira pambuyo. Ndikufuna madzi ambiri. Tengani chitinichi mupite m'mudzi umo, muwauze kuti tili ndi wodwala. Alionse amene ali nawo, abweretse."

Amayi anadzuka ngati awathira madzi ozizira. Analandira chitini ndi manja awiri, ndipo ndinaona nkhalamba ija ikuthamanga kudutsa m'mizere, mpango utagwa, osabwerera kukautola.

Alamu anagona chagada pansi pa galimoto. Anatsegula kampopi ka pansi pa rediyeta koma panangodontha pang'ono, katatsekeka. Anamasula paipi ya pansi, ndipo zinatuluka zolendewera ngati mamina. Zitsulo zinali zikuotcha, koma kudikira kuti zizizire kunalibe. Ine ndinakwera kumbuyo, ndinakoka chitenje changa pamwamba pa achemwali kuti chikhale mthunzi, n'kumawanyowetsa milomo ndi madzi a m'beseni. Anatsegula maso n'kufunsa ngati tafika. Ndinati tatsala pang'ono. Anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pawo. Mwana anali akugunda, ndinamumva ndi dzanja langali, ndipo ndinayamba kupemphera mosokoneza, Chinyanja ndi Chilomwe pamodzi.

Akazi a m'mudzi muja anabwera pamzere, mitsuko ili pamutu, amayi ali patsogolo. Chitsime chawo chinali chitatsala pang'ono kuuma, ndipo ena anabweretsa madzi awo akumwa. Anali madzi ofiira, a matope, amene tsiku lina lililonse alamu sakanalola kuti ayandikire galimoto yawo. Anavula malaya, nawakunga pakamwa pa rediyeta kuti akhale sefa, n'kuuza akaziwo kuti azithira. Madzi ankalowa pamwamba, koma pansi ankatuluka pang'onopang'ono. Anatseka pansi ndi chiguduli, analowetsa pampu ya njinga, napopa kuti zinyalala zibwerere kumwamba. Zinatuluka, anathiranso, anapopanso. Mkono wopsa uja unali utatuluka matuza, ena ataphulika, koma sankauyang'ana.

Sindikudziwa kuti tinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoona mthunzi wa galimoto, umene poyamba unali pansi pake, ukutuluka n'kumatalika cha kum'mawa. Msewu unali zii. Masiku amenewo galimoto yopita kunyanja inkadutsa mwa apo ndi apo, ndipo tsiku limenelo sikunadutse ngakhale ngolo. Achemwali anasiya kubuula, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa kulira kuja. Amayi anabwerera kuchitsime kangapo, mpaka mapazi awo anang'ambika ndi ziputu. Mayi wina wa m'mudzimo anafunsa kuti galimoto yadya chiyani kuti izisanza zoterezi. Alamu anayankha ali pansi pomwepo kuti ndi dzimbiri la galimoto yakale.

Madzi atayamba kutuluka oyenda bwino, anabwezera paipi, anamanga, n'kudzaza ndi madzi a mvula amene anatsala m'beseni, kuwonjezera a matope aja. Anapukusa handulo ndi mkono wabwino. Inakana. Anapukusanso ndi manja onse awiri, khungu la matuza n'kutsala pa chitsulo, ndipo inalira. Akazi aja anatiperekeza ndi maso, mitsuko yawo ili yopanda kanthu, ndipo mpaka lero sindikudziwa dzina la ngakhale mmodzi. Chitunda cholowera m'tauni tinachikwera pang'onopang'ono, alamu diso lili pa kawotchi kaja, ine dzanja lili pakamwa. Sinawirenso.

Tinafika dzuwa litapendeka. Anamwino anamutenga Alefa mwachangu, chitseko n'kutsekedwa. Tinakhala pakhonde la chipatala atatu, amayi kumapeto kuno, alamu kumapeto uko, ine pakati monga kale. Namwino wina anaona mkono wa alamu n'kuwaitana kuti akaumange, koma anakana kuchoka. Patapita nthawi anatuluka dokotala ndi mthandizi wake womasulira. Anati mayiyo apulumuka. Mwana anali wamwamuna, wamkulu bwino, koma anamupeza atangotsirizika kumene. Womasulirayo anawonjezera, mwina mwa iye yekha, kuti tikanafulumirako pang'ono zikanakhala zina. Amayi anagwetsa mutu pamawondo. Alamu anathokoza dokotala, anapita kuseri kwa nyumba, ndipo anakakhalako nthawi.

Alefa anatsitsimuka bwino tsiku lotsatira. Anatilola kulowa tonse, ndipo amayi ndi mkamwini wawo anaima mbali ziwiri za bedi limodzi, poti kunalibe kothawira. Za mwana anali atauzidwa kale. Sanalire pamaso pathu. Anayang'ana denga nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa amuna awo.

"Bambo, ndikukumbuka tinaima panjira. Dzuwa linali kundiotcha. Tinaimiranji?"

Ndinamva amayi akukoka mpweya kuti ayankhule. Ndikudziwa kuti akananena, pakuti sanali munthu wobisala kuseri kwa mnzake. Koma alamu anawadula.

"Galimoto inawira, Alefa. Rediyeta inatsekeka. Ndinanyamuka osayang'ana."

"Inuyo?" anatero achemwali.

"Ineyo."

Achemwali anawayang'ana, kenako anatembenukira kukhoma. Panapita miyezi asanayambenso kuseka ndi amuna awo, ndipo ndikukhulupirira kuti kachidutswa kena ka mtima wawo sikanabwerere. Sanaimenso.

Nkhani inafika kunyanja ife tisanabwerere. Padoko, pachitsime, ku tchalitchi, ponse ankanena chimodzimodzi, kuti munthu uja wa nthenga ya nkhuku galimoto yake inawira pa tsiku lokhalo limene inkafunika. Ena ankanena momvera chisoni, ena mokondwa, poti anthu amatopa ndi munthu wosamala kwambiri. Abale athu ena anafika ponena kuti mkamwini wotere ndi wongodyetsa, abwerere kwawo. Che Mussa yekha ndi amene anasiya nthabwala zake. Anawafunsa kamodzi, awiriwiri, kuti zinatheka bwanji, ndipo alamu anamuyankha kuti chitsulo ndi chitsulo.

Ine zinkandipsetsa mtima. Tsiku lina ndinawapeza kuseri akumanga mkono wawo ndi kansalu, ndipo ndinawauza kuti ndatopa kumva dzina lawo likutafunidwa, ndikanena zoona pachitsime, zikhale zikhale. Anandiyang'ana mwaukali umene ndinali ndisanauonepo pa nkhope yawo.

"Alamu, Alefa wataya mwana. Mukufuna atayenso amake? Ine ndi mlendo pano, akandinena ndipirira. Koma iye akadzadwala adzaitana ndani?"

Ndinakhala chete, ndipo ndakhala chete mpaka onse atatu anapita. Amayi anakhala zaka zina zambiri, ndipo atafooka ndi Alefa amene ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa phala ndi supuni. Anamwalirira pamiyendo pake, akuwasisita mutu. A Makisoni anali panja, kuseri kwa chitseko, pamalo pa mkamwini.